Za Mdzakazi Woimba pa Mphero, Usanapite ku Pune

Tiyamike mwana wanga,

Ndikulemba masana ano a Lachinayi, kuno ku Silicon Oasis, ku Dubai. Madamu ali ku ntchito, ana sanaweruke, m'nyumba muli zii. Ndikamaliza ndijambula mapepalawa ndi foni n'kukutumizira. Kaya uwerengera m'ndege mawa, kaya ukakafika ku Pune, zili ndi iwe. Za kavalidwe, za anyamata ndi za kusunga pasipoti azakhali ako ku Mchinji akuuza kale, ndipo pa zimenezo amatha kuposa ine. Ine nkhani yanga ndi imodzi. Ukupita ku India kukaphunzira za mayi amene Ahindu amamutcha woyera mtima, mdzakazi uja wa nyimbo. Dzina lake sindilemba, paja unaseka mpaka kutsamwa tsiku limene ndinayesa kulitchula. Iwe wamuwerenga m'mabuku. Ine ndinamumva koyamba nditagwada m'bafa, ndikusambitsa nkhalamba. Pa nkhani ya mayi ameneyu ndalakwapo kanayi, ndipo zolakwazo ndizo ndikukupatsa ngati kamba wa pa ulendo. Zina ukuzidziwa theka, zina sunazimvepo.

Kulakwa koyamba kunali kwa chokolopera. Nditafika m'nyumba muno zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndinapeza bwana, madamu, ana awiri, ndi mayi ake a bwana amene aliyense ankawatchula kuti Aji, ndiye kuti agogo m'Chimarathi, chiyankhulo chawo. Aji anali aafupi, amakani, a pakamwa pakuthwa. M'mawa uliwonse ankawerama pakhomo la fulati n'kujambula maluwa pansi ndi ufa woyera. Pakona ya pabalaza anali ndi kakabati ka tiziboliboli, kanyali kamafuta ndi lubani. Ine mwana wa mkulu wa mpingo ndinangoona kamodzi n'kugamula kuti awa ndi mankhwala otsirikira nyumba. Masiku atatu otsatizana ndinakolopa ufa uja mwadala, ndikupemphera chamumtima. Tsiku lachitatu Aji anandipeza chokolopera chili m'manja. Ndinayembekeza kuti akalipa, koma anangofunsa m'Chingerezi chawo chodukaduka:

"Esinati, kwanu mlendo mumamulandira bwanji?"

Ndinati timasesa pabwalo, akafika timamulandira katundu.

"Ife timatere," anatero akuloza pansi ponyowapo. "Wakolopa moni wanga."

Choncho Tiyamike, kumene ukupitako udzaona zambiri zokudabwitsa. Funsa usanakolope. Sindikunena kuti uzigwadira chilichonse. Ine kakabati kaja sindinakagwadirepo, ndipo palibe anandiuzapo kuti nditero. Ndikungoti funsa.

Usaganize kuti kuyambira pamenepo tinakhala pa ubwenzi. Aji anali ndi malamulo awo. Kapu yanga ndi mbale yanga zinkakhala pazokha pansi pa sinki. Chakudya chawo ankaphika okha, ndipo ndikakhudza poto wawo mwangozi ankamutsukanso. Madamu ankachita nazo manyazi. Ankati, "Usadandaule, ndi za kale za kumudzi kwawo, za mitundu yapamwamba ndi yapansi." Ine ndinkangoti chabwino madamu. Ndinadzera ntchito, sindinadzere kapu.

Chaka chachinayi Aji anaterereka m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Atatuluka m'chipatala panalibe wina wowasamalira koma ine. Munthu amene sankafuna kuti ndikhudze poto wake tsopano ndinkamunyamula, kumusambitsa, kumupukuta, kumudzoza mafuta a kokonati m'mutu. Sabata yoyamba ankatsinzina nthawi yonse imene ndikuwasambitsa, ngati kuti akapanda kundiona ndiye kuti sizikuchitika. Sabata yachiwiri anayamba kuimba chapansipansi, akadali chitsinzinire. Ulendo uno ndinafunsa kuti nyimboyo ikuti chiyani.

Anandiuza pang'onopang'ono, lero kachidutswa, mawa kachidutswa. Akuti kalekale kunali mtsikana wa mtundu wapansi. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, bambo ake n'kukamusiya m'nyumba ya telala wina, mu mzinda wa kachisi wamkulu, kuti azigwira ntchito. Anakulira momwemo. Kusesa, kutunga madzi, kutola ndowe zophikira, kupera mapira. Mphero yawo si ngati yathu ayi, ndi miyala iwiri yosanjikiza yokhala ndi chogwirira, munthu amazunguliza atakhala pansi, ndipo awiri akhoza kugwirizana. Mtsikanayo akamapera ankaimba. M'nyimbo zakezo amati mulungu wawo ankatuluka m'kachisi n'kudzagwira naye chogwirira chija, kumusenzetsa mtolo, ngakhale kumutsuka tsitsi poona kuti alibe mayi womutsuka. Ndipo sankamunyengerera. Akachedwa kubwera ankamukalipira ngati mmene umakalipirira m'bale wako waulesi. Chiphunzitso chake, monga ndinachimvera ine wosaphunzira, n'chakuti Mulungu safunsa mtundu wa munthu, ndiponso kuti wantchito wosowa nthawi yopita ku kachisi asadandaule, chifukwa ntchito ya manja ake imakhala pemphero ngati dzina la Mulungu lili pakamwa pake.

Tsiku lina ndikuwasambitsa ndinawafunsa kuti, "Aji, mdzakaziyu akanabwera muno, kapu yake ikanakhala pati?"

Anangoti, "Madzi azizira. Yalla, fulumira, nditulutse."

Iwe unalowa m'nkhaniyi kudzera pa foni. Unali chaka chachiwiri ku yunivesite ku Zomba. Lamulungu lina tikucheza unamva Aji akuimba kuchipinda, n'kufunsa kuti akulira kapena akupemphera. Ndinakufotokozera mwachidule, ndikuyesa kuti uiwala. Patatha mwezi unali utapeza mabuku. Patatha chaka unandiuza kuti pepala lako lomalizira sukulu ulemba za iyeyo.

Kulakwa kwachiwiri ndinakuchitira pabwalo la tchalitchi. Ukudziwa kuti Lamulungu langa lopuma ndimakwera basi kupita ku Jebel Ali, kumene timasonkhana Amalawi ndi a ku Zambia. Tsiku lina titatuluka m'mapemphero, Mai Tembo, namwino wa ku Chipata amene timaimba naye m'kwaya, anandifunsa pamaso pa amayi ena kuti mwana wanga akulemba za chiyani ku yunivesite. Ndinayankha osaphethira kuti za mbiri ya amwenye a masitolo a ku Limbe. Ndinanama, Baibulo lili m'khwapa. Ndinkaopa kuti anena kuti ndatola mafano kunyumba kwa mabwana n'kupatsira mwana. Pansi pa mtima ndinkaopanso kuti mwina n'zoona. Bodza limenelo ndinakhala nalo zaka zitatu, ndipo bodza lili ngati mwana wakhanda, limafuna kudyetsedwa. Akafunsa kuti za masitolo zija zafika pati, ndinkapeka zina. Mwezi watha, pamene abusa anati tikupempherere ulendowu, ndinaimirira n'kunena zoona. Ena anayang'ana pansi. Mayi wina anati ndiye pakufunika kusala kudya. Mai Tembo anandikokera pambali n'kunena m'Chinyanja chawo chija, "Manje munabisila chani? Ine nimasambika odwala a chipembezo chilichonse, nikali kuimba mu kwaya." Basi, nkhani inathera pomwepo. Zaka zitatu ndinasenza mwala umene anzanga anaunyamula ndi zala ziwiri.

Iwenso adzakufunsa. Ku India adzafuna kudziwa ngati walowa Chihindu, kwathu adzafunanso kudziwa zomwezo. Yankho likhale limodzi konsekonse. Uzinena poyera chimene ukuphunzira, uzinenanso poyera chimene umakhulupirira. Ngati tsiku lina china chidzasinthe mumtima mwako, ndidzamve kwa iwe, osati kwa anthu. Sindilonjeza kuti ndidzakondwa. Ndikulonjeza kuti ndidzamvetsera mpaka umalize.

Kulakwa kwachitatu ndiko kwakukulu, ndipo uku sunakumvepo. Uli chaka chomaliza unanditumizira uthenga wa mawu, wautali, uli wokondwa ndi zimene wapeza. Unati nyimbo za mdzakaziyu zinayenda pakamwa zaka mazana zisanalembedwe. Unati amene analemba mbiri ya moyo wake anali mwamuna wobadwa patapita mibadwo yambiri. Unati akatswiri sagwirizana kuti ndi ziti anaimba yekha, ndi ziti anawonjezera ena m'dzina lake, ndipo za moyo wake zimene munthu angatsimikize n'zokwana m'dzanja limodzi. Ndinamvetsera ndikutsuka mbale. Ndinangosunga.

Patatha milungu iwiri, katcheni kagolide kamene Aji ankaveka kachiboliboli kawo kanasowa. Anafunafuna, kenako pamaso pa bwana anati, "M'nyumba muno mlendo ndi mmodzi." Apo n'kuti nditakhalamo zaka zisanu ndi chimodzi, ziwiri mwa izo ndikuwapukuta ngati khanda. Bwana anandipempha, akuyang'ana kukhoma, kuti nditsegule sutikesi yanga. Madamu anaima pakhomo akulira. Ndinatsegula ndekha, ndinayala zonse pabedi, ndi zovala zamkati zomwe. Iwe ukudziwa kuti mdzakazi ujanso amati anamunamizira kuba mkanda wa mulungu wa m'kachisi, anamuweruza kuti afere pa chitsulo chosongoka, chitsulocho n'kusanduka madzi. Kwa ine palibe chinasanduka madzi. Katcheni kanapezeka tsiku lachitatu m'nsalu ya pilo ya Aji, mmene anakabisa okha n'kuiwala. Bwana anapepesa. Madamu anapepesa kawiri. Aji sanatero.

M'mawa mwake ndikuwapesa anayamba kuimba ngati palibe chachitika. Ndinaika chipeso pansi.

"Aji, mwana wanga wa ku yunivesite wafufuza. Akuti palibe akudziwa ngati nyimbozi n'za mdzakazi wanuyo. Analemba ndi anthu ena, patapita zaka mazana. Mwina sanakhaleko n'komwe."

Mawu omalizawo sunanene iwe. Ndinaikapo ndine. Nyimbo inathera pakati. Ndinatola chipeso, ndinamaliza kupesa, ndinaluka tsitsi bwinobwino, n'kupita kukayanika zovala. Tsiku limenelo ndinamva kukoma, sindikubisira.

Anakhala milungu isanu osaimba. Kanyali ankayatsa, koma duu. Chakudya anachepetsa. Kuyenda ndi chogwirizira m'khonde, kumene dokotala analamula, anasiya. Bwana anawatengera kuchipatala, anawayeza magazi, sanapeze kanthu. Ine matendawo ndinkawadziwa. Ndinkawasambitsa tsiku lililonse ndikuona nthiti zikuonekera, osanena kanthu. Anandilakwira, zimenezo n'zoona mpaka lero ndipo sindizifufuta. Koma ndinatenga chinthu chimene iwe unachipeza movutikira ndi mwachilungamo, n'kuchisandutsa mpeni, n'kuunoleranso ndi bodza langa.

Ukupita kukaphunzira kusiyanitsa chimene chinachitika ndi chimene anthu amasimba. Ntchito imeneyo ndi yabwino, uigwire osaopa munthu. Pamene palibe umboni, lemba kuti palibe. Koma usawonjezerepo, Tiyamike, ngakhale mawu amodzi. Kunena kuti sitikudziwa ndi kunena kuti sizinachitike ndi zinthu ziwiri. Ndipo zimene wapeza usamazinene tsiku limene wakwiya. Uziyamba wadziwa kuti amene ukumuuzayo, nyimboyo imamugwirira ntchito yanji. Ena ndi ndodo yawo yoyendera.

Amene anathetsa kukhala chete kuja ndi iwo, osati ine. Tsiku lina ndikuwawenga zikhadabo za kumapazi, anati:

"Esinati, mwana wako anati chiyani kwenikweni? Mawu ake, osati ako."

Ndinatulutsa foni, ndinaika uthenga wako, ndikuimitsa n'kumawamasulira m'Chingerezi. Pomaliza ndinavomera kuti zoti mdzakaziyo sanakhaleko ndinaikapo ndine. Sanadabwe.

"Akuti akazi ena ankawonjezera zawo?"

"Ee, akutero."

"Sananame," anatero.

Kenako anandiuza zimene sanauzepo ngakhale madamu. Anati mayi awo anali ndi ndime yawoyawo, imene iwo sanaimvepo kwa wina aliyense, yonena za mwana wamkazi wokwatiwa kutali amene sabwera ngakhale pa chikondwerero. Ankaiimba pa mphero, koma kumapeto ankatchula dzina la mdzakazi uja, osati lawo. "Masiku amenewo mkazi akadandaula m'dzina lake ankamenyedwa," anatero Aji. "Akadandaula m'dzina la woyera mtima, apongozi ankangomvetsera." Iwonso atakwatiwa ali kamtsikana anapera m'nyumba ya apongozi awo zaka zambiri, akuimba ndime yomweyo, pozindikira tsopano kuti mwana wokwatiwa kutaliyo ndi iwo. "Uza mwana wako alembe zimenezo."

Tsiku limenelo anadya mbale yonse. Za katcheni sanazitchulepo mpaka kufa, inenso sindinapepese ndi pakamwa. Kapu yanga inakhalabe pansi pa sinki. Tinangopitiriza, iwo kuimba, ine kupesa. Za ndime ya mayi awo ndinakuuza nthawi yomweyo, ndipo unaziika m'pepala lako, aphunzitsi ako n'kuziyamikira. Chimene sindinakuuze ndi njira imene zinatulukira. Tsopano wadziwa. Ukakumana ndi anthu oimba nyimbo zabwino, usayembekeze kuti akhala abwino mbali zonse, ndipo ukawapeza ndi zoipa usataye nyimbozo. Lemba zonse ziwiri, nyimbo ndi kapu yomwe.

Kulakwa komaliza ndi kwa chaka chatha. Ukukumbukira kuti unandipempha kawiri kuti ndiwajambule Aji akuimba ndime ija, iwo n'kukana. Ankati nyimbo ya mayi awo si ya pa foni. Ine ndinakusiya ukhulupirire kuti anakana mpaka mapeto. Sizinali choncho.

Mtima wawo utayamba kufooka anati akufuna kukafera kwawo, bwana n'kukonza zowaperekeza ku India. Sabata yomaliza m'nyumba munali piringupiringu. Masutikesi, mankhwala, makalata a dokotala, achibale ochokera ku Sharjah kudzatsanzika, aliyense wofuna tiyi. Kutatsala masiku awiri, masana, Aji anandiitana ali pabedi.

"Esinati, bwera ndi foni yako. Ndiimbe ndime ya mayi anga, utumizire mwana wako."

Ndinali ndi mulu wa masari awo osasita, nsalu zazitali zija amavala, ndipo alendo ena anali m'njira. Ndinayankha ndili pakhomo, simbi ili m'manja.

"Mawa, Aji, inshallah, Mulungu akalola."

Mawa lake anadzuka mawu atatsekeka ndi chifuwa. Ndinabwera ndi foni, anayesa kawiri, kunkangotuluka mpweya. Anandikankha dzanja kuti ndichotse. Tsiku lotsatira ndinawakankha pa njinga ya odwala mpaka pa galimoto pansi. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, mpaka bwana anati khalas, basi, tichedwa ndege. Anamwalira kumudzi kwawo patatha mwezi ndi theka. Bwana atabwerako ndinawafunsa ngati ndimeyo akuidziwa. Anati ankaimva ali mwana koma mawu ake sanasunge. Madamu sangaidziwe, ndi a chigawo china, chiyankhulo china. Masari aja ndinasita onse, mizere ili chilili, ndipo ndinamva kuti atamwalira anawagawira anthu.

Ndiye ukakafika uko, mu laibulale uzilowa, aphunzitsi ako uziwamvera, Chimarathi uchiphunzire mpaka uzitha kukangana nacho pamsika. Koma mayi amene ukumufufuzayo sanali wa mu laibulale. Uzipitanso kuseri kwa nyumba, kumene kuli ochapa ndi ophika. Ukalowa m'nyumba ya munthu wophunzira, upatse moni amene wakubweretsera madzi, umufunse dzina, chifukwa mwina nyimbo ili ndi iyeyo. Ndipo wachikulire akakuuza kuti khala pansi ndikuuze, siya chimene wagwira nthawi yomweyo. Zosita sizithawa. Mawa si lako, si lakenso.

Mawu a ndime ija ndilibe, Chimarathi sindinachigwire. Koma kaimbidwe kake ndili nako, ndinakamva zaka zambiri ndili kumbuyo kwawo ndi chipeso. Pamodzi ndi mapepalawa ndikutumiza uthenga wa mawu wa mphindi imodzi, ndikuimba ndi mphuno chabe. Ndajambulira m'kachipinda kochapira, umva makina akulira, usaseke. Bwana andilembera dzina la mudzi wa Aji ndi tauni yoyandikana nayo, zili pa tsamba lomaliza. Ukapeza mpata ukwere basi, ukafune amayi achikulire a kumeneko, uwaikire uthengawo. Mwina wina adzatukula mutu n'kuyamba kuika mawu. Zikatero, usayang'ane wotchi.

Mwinanso palibe adzaizindikire. Zikatero usapeke kanthu pofuna kunditonthoza. Ulembe mmene zilili: kuti inalipo ndime ya mayi wina wa pa mphero, mwana wake anaisunga moyo wake wonse, inafika mpaka ku Dubai, ndipo inathera m'manja mwa mayi ako.

Uyende bwino, Tiyamike. Mulungu akusunge kumene ine sindingafike.

Ndine mayi ako,
Esinati